Mboni ya Utoto ndi Pepala: David Roberts ndi Nyumba Zamakedzana



Nyumba ya miyala imaoneka ngati idzakhala mpaka muyaya, pamene pepala ndi chinthu chosalimba chimene chiswe chingathe kudya usiku umodzi. Komatu nthawi zina pepala ndilo limatsala kuchitira umboni za nyumbayo. Mbiri ya David Roberts ikutsimikiza zimenezi.

Roberts anabadwa m'chaka cha 1796 ku Stockbridge, pafupi ndi Edinburgh, m'dziko la Scotland. Atate ake anali osoka nsapato. Ali mnyamata anaphunzira kwa zaka 7 ntchito yopaka nyumba utoto, ndipo pambuyo pake ankajambula zithunzi zokongoletsa nyumba za masewero. M'chaka cha 1838 ananyamuka ulendo wa ku Igupto, nakwera ngalawa pa mtsinje wa Nile kufikira ku Abu Simbel. Mu February 1839 anachoka ku Cairo pa ngamira, nadzera ku nyumba ya amonke ya St Catherine patsinde pa phiri la Sinai, nafika ku Petra, mzinda wosemedwa m'matanthwe, ndipo nyengo ya Pasaka inamupeza ali ku Yerusalemu.

Zipangizo zake zinali zochepa: pepala, pensulo, burashi ndi utoto wosungunula m'madzi. Utoto wotere umauma msanga ndipo sulemera pa ulendo, koma subisa cholakwa, pakuti pepala limaonekerabe pansi pake. Chotero wojambula ayenera kuyamba wapenyetsetsa asanakhudze pepala. Ayenera kuwerenga mizati, kuyesa ndi maso kutalika kwa khoma, ndi kuzindikira kumene kukugwera mthunzi.

Atabwerera kwawo, mmisiri wina dzina lake Louis Haghe anakopera zithunzizo pa miyala yosindikizira, ndipo zinafalitsidwa kuyambira 1842 kufikira 1849. Anthu ambiri amene ankangowerenga za Yerusalemu ndi Betelehemu anatha tsopano kuona zipata ndi malinga ake.

Phindu lenileni la ntchitoyi linadzaoneka Roberts atamwalira kale, pakuti iye anatsikira kuli chete mu 1864. Ku Abu Simbel anajambula kachisi wa mfumu Ramesses II mchenga utakwirira mbali ina ya mafano ake aakulu. Mchengawo unachotsedwa pambuyo pake. Ndipo pakati pa 1964 ndi 1968, poopa madzi a damu la Aswan, kachisiyo anadulidwa m'zidutswa namangidwanso pamalo okwera ndi mamita 65. Munthu wofuna kudziwa m'mene malowo anakhalira kale sangafunse miyala, chifukwa miyalayo inasamuka. Ayenera kufunsa mapepala onga a Roberts.

Komabe mboni iyi iyenera kumvedwa mwanzeru. Roberts anali wozolowera nyumba za masewero, ndipo nthawi zina ankasuntha zinthu kapena kukometsera kuwala kuti chithunzi chigwire mtima. Wojambula amasankha chimene aonetse ndi chimene asiye, monga achitira wolemba mbiri aliyense. N'chifukwa chake umboni wa chithunzi umalimba ukayerekezedwa ndi zolembedwa ndiponso ndi nyumba yeniyeniyo.

Tsono nkhaniyi ikukhudza Sinodi. Mipingo yambiri ili ndi matchalitchi akale a njerwa zootcha, omangidwa ndi manja a makolo amene ankaponda dothi akuimba. Mpingo ukakula, kachisi wakale amagumulidwa kapena kusinthidwa, ndipo pakapita mbadwo umodzi palibe wokumbukira m'mene guwa ndi mazenera zinaonekera. Kamera imathandiza, koma imatha ntchito yake m'kamphindi, pamene wojambula ndi dzanja amakhala pamalopo tsiku lathunthu mpaka aidziwe nyumbayo njerwa ndi njerwa.

Sinodi idzachita bwino kupempha mpingo uliwonse kuti, khoma lakale lisanagwetsedwe, upeze wachinyamata waluso, umupatse pepala ndi utoto, ndi kusunga chithunzicho pamodzi ndi mabuku a ubatizo, tsiku ndi dzina la malo zitalembedwa kuseri kwake.