Stent Ikalowa, Mapilitsi Asasiyidwe

 Sindikuchedwetsani, ndikudziwa kuti ena mitima ili kudimba.

Ku ofesi atituma kuti mwezi uno usanathe, aliyense amene ali pa mankhwala a mtima kapena a BP m'dera lino alembedwe m'kaundula, ndipo kabuku kake ka kuchipatala tizikaona mwezi ndi mwezi. Za BP mukuzidziwa kale, 140 pa 90 ija, sindibwereza. Amene mumamwa mapilitsi tsiku lililonse osadumphitsa, kwezani manja. Chabwino, tsitsani.

Masiku ano tili ndi abale amene anagwidwa ndi mtima ali ku Joni, ena anapita ku India kapena ku Dar es Salaam, n'kubwerako atawaika stent. Mtsempha wodyetsa mtima ukatsekeka ndi mafuta ndi magazi oundana, madokotala amalowetsa kachubu pamtsempha wa padzanja kapena wa mphechepeche, n'kukasiya mkatimo kachitsulo kolukana ngati sefa, kakukulu mamilimita 3 kapena 4 basi, kuti magazi apeze podutsa. Kamakhala momwemo mpaka kalekale. Njirayi inayamba mu 1986 ku France, ndipo ma stent a lero amapakidwa mankhwala, moti mwa anthu 100, osakwana 10 ndi amene mtsempha umadzathinanso pamalo omwewo. Munthu amakhala nayo zaka zambiri, khasu lili m'manja.

Koma mvetsani apa. Stent yatsegula malo amodzi okha, pomwe matenda amene anatseka pamenepo akadali m'mitsempha inayo. Komanso magazi amakonda kuundana pa kachitsuloko kakadali katsopano. N'chifukwa chake amakupatsani aspirin ndi clopidogrel kuti muzimwa pamodzi, kawirikawiri miyezi 12. Ikatha miyeziyo dokotala ndiye amachotsa amodzi, koma enawo, pamodzi ndi otsitsa mafuta monga atorvastatin, ndi a moyo wonse.

Chaka chatha tinayeza BP pansi pa mtengo womwe uno. Munalandira mankhwala, munamwa mwezi umodzi, mutu utasiya kupweteka munati mwachira. Ena mwa anthu amenewo lero akukoka mwendo ndi sitiroko. Bambo ena a kutsidya kwa mtsinje anabwera ndi stent kuchokera ku Joni, pachifuwa palibe ululu, njinga akupalasa. Mapilitsi atatha sanauze munthu. Maliro awo tinakhuza tonse. Stent ikatsekeka imatseka mwadzidzidzi, ndipo kuno kulibe koitsegulira msanga. Zimandiwawa kwambiri, chifukwa abale awo anagulitsa ng'ombe kuti stent ija iikidwe.

Eee bambo, ndakumvani, yankhulani. Akuti: “Inu mukuti tizimwa, nanga tikapita kuchipatala n'kutiuza kuti mankhwala atha, tikagule ku famase, ndalama tizitenga kuti? Kabaza yekha akutimaliza.” Bambowa akunena zoona, zimachitika, ndipo clopidogrel sapezeka paliponse. Koma musadikire kuti botolo ligwedezeke lopanda kanthu. Mapilitsi akatsala a masabata awiri, nyamukani, kuti akakubwezani mukhale ndi masiku ofunira kwina. Mwana amene ali ku Joni uja, musanamupemphe foni, mutumizireni chithunzi cha pepala la dokotala. Amayi a banki m'khonde, thumba lanu la zadzidzidzi lisamangodikira maliro. Kabazayo musinthane, mmodzi apite ndi timabuku ta anzake ngati achipatala avomera.

Mukutinso chiyani, bambo? Kugawa pilitsi pakati kuti akhalitse? Ayi, chonde, theka silikutetezani. Ndiponso musamati poti clopidogrel wasowa ndimeze aspirin awiri, kapena kuwonjezera Brufen ndi Indocid wa pagolosale msana ukawawa. Zimenezo zimatulutsa magazi m'mimba. Mukaona chimbudzi chakuda bii, kapena magazi a m'mphuno osaleka, thamangani kuchipatala, koma kusiya mankhwala musasiye nokha. Ngakhale kokachotsa dzino, auzeni kaye kuti muli ndi stent.

Za mchere, fodya ndi kachasu ndinakonza kuti tikambe lero, koma dzuwa latentha, tidzazitenga ulendo wamawa. Nkhani ya kusowa kwa mankhwalayi ndiilemba m'lipoti langa, ndipo a mfumu ndikupemphani mukaitulenso ku komiti ya zaumoyo. Amene mwabwera ndi timabuku, folani mbali iyi, agogo ayambe. Bambo, inu mutsale, ndione pepala lanu la dokotala.