Lembani Malipiro pa Chilengezo cha Ntchito



Ndakhalapo kangapo pa gulu lochititsa intaviyu, ndipo pali funso limodzi limene tonse timalikonda: "Kumene mukuchokerako mumalandira zingati?" Tsiku lina anabwera mayi waluso kwambiri pa zowerengera ndalama. Anatchula kandalama kochepa, ife n'kuwonjezerapo pang'ono, iwo n'kuthokoza mpaka kuwomba m'manja. Bambo wa maphunziro ofanana ndi awo amene tinamulemba mwezi womwewo anayambira pamwamba, chifukwa kumene ankachokera ankalipidwa bwino. Palibe mwa ife amene anali ndi cholinga chopondereza mayiwo. Tinangotola kupondereza kwa abwana awo akale n'kukupitiriza, ndipo nkhaniyi imandipwetekabe mumtima.

Anzathu kunja analiona vutoli. Mu 2016 boma la Massachusetts ku America linakhazikitsa lamulo loletsa olemba ntchito kufunsa malipiro akale a munthu asanamuuze zimene amupatse, ndipo linayamba kugwira ntchito mu 2018. Ku Colorado, kuyambira Januwale 2021, chilengezo cha ntchito chiyenera kunena kuti malipiro ayambira pati ndi kulekezera pati. Mzinda wa New York unatsatira mu Novembala 2022. Bungwe la European Union nalo linagwirizana mu 2023 kuti wofuna ntchito aziuzidwa malipiro intaviyu isanachitike, funso lija lisafunsidwenso, ndipo linapatsa mayiko ake mpaka Juni 2026 kuti aike zimenezi m'malamulo awo.

Kuno kwathu, gawo 6 la lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 limanena kale kuti ntchito zolemera mofanana zilipidwe mofanana, posayang'ana kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi. Koma nanga munthu angadandaule bwanji ngati sakudziwa zimene mnzake wa tebulo loyandikana akulandira? Timalemba m'nyuzipepala kuti "malipiro ndi abwino", mnyamata n'kukongola ndalama ya basi kuchoka ku Mzuzu kubwera ku Blantyre, kudzamva ndalama yosakwanira ngakhale lendi.

Mabwana anga olemba ntchito, tisadikire Nyumba ya Malamulo. Mukabwerera ku maofesi anu, fufutani funso lija pa mafomu, lekani kuitanitsa pepala la malipiro akale, ndipo pa chilengezo chotsatira lembanipo ndalama zimene mwakonza kulipira.