Dzina ndi la mwini wake: ubwino ndi kuipa kwa "political correctness"

Nazi zomwe m'modzi wa mamembala athu anayankhula titakumana Loweruka lapitali. Tazilemba kuti inu amene munajomba musamanidwe.

 

Mutu wanga ndi uja pa Chingerezi amati "political correctness". Musadandaule, si nkhani ya zipani ayi. Ndi kusankha mawu mosamala kuti tisanyoze kapena kusala munthu chifukwa cha mtundu wake, ulumali, matenda, kapena poti ndi mkazi. Mkangano wake unakula ku America cha m'ma 1990, koma nafe ukutikhudza chifukwa mayeso, makalata ofunsira ntchito ndi ma intaviyu, zonsezi timachita m'Chingerezi.

Ndiyambe ndi ubwino wake. Kale Chingerezi chinkangoti "chairman", "fireman", "policeman", ngati kuti ntchitozi n'za abambo okhaokha. Lero amati "chairperson", "firefighter", "police officer". Mtsikana wa Sitandade 5 akamawerenga buku sakuuzidwanso mwakabisira kuti mpando si wake. Ife Chichewa chinatithandiza kale: wapampando ndi wapampando basi, ndipo "iye" ndi mwamuna kapena mkazi.

Penanso mawu amakhudza moyo weniweni. Mu 1983, anthu odwala Edzi anakumana ku Denver, ku America, ndipo anakana kutchedwa "victims". Anati azitchedwa "people with AIDS", munthu patsogolo, matenda pambuyo. Ganizo lomweli ndi limene likutichititsa kunena "person with albinism" m'malo mwa "albino". Tonse tikudziwa nkhanza zomwe abale athu achialubino akumana nazo m'dziko muno. Munthu akayamba kutchulidwa ngati chinthu, achiwembu savutika mumtima pomuchita chipongwe. Apa ndiye palibe zoti "ndi mawu chabe".

Tsono tibwere ku mavuto ake. Ndili nawo atatu.

Loyamba, mawu atsopano sachedwa kuda. Mukudziwa kuti "idiot" ndi "moron" anali mawu a madokotala? Atasanduka zotukwana, kunabwera "mentally retarded". Nawonso ana asukulu anayamba kutonzana nawo, mpaka mu 2010 Barack Obama anasaina lamulo lotchedwa Rosa's Law, lowachotsa m'malamulo a boma la America n'kuikamo "intellectual disability". Katswiri wina, Steven Pinker, amafanizira zimenezi ndi makina othamangirapo a ku jimu: thukuta kamukamu koma uli pomwepo. Mtima wa anthu ukapanda kusintha, dzina latsopano limadzatenganso fungo lakale lija.

Lachiwiri, nthawi zambiri eni ake safunsidwa. Ku America anthu ophunzira anatchukitsa liwu loti "Latinx" ponena za anthu ochokera ku Latin America. Bungwe la Pew litafufuza, linalengeza mu 2020 kuti mwa anthu 100 aliwonse a mtunduwu, atatu okha ndi amene amadzitchula choncho. Bungwe la anthu osaona la National Federation of the Blind linanena mu 1993 kuti liwu loti "blind" lilibe manyazi, ndipo mawu ozungulira ngati "visually challenged" sakuwafuna. Anthu ambiri osamva amakondanso "Deaf" kusiyana ndi "hearing impaired". Mwaona? Ukhoza kumakometsera mawu uli ndi mtima wabwino, mwini wake akuona ngati ukumuchitira manyazi.

Lachitatu, malamulowa si amodzi paliponse. Ku Joni "Coloured" ndi dzina lomwe anthu mamiliyoni amadzitchula okha. Ku America liwu lomwelo limakumbutsa nthawi ya tsankho. Ena mukukumbuka momwe woyimba Tyla anamuwukira pa intaneti atadzitchula choncho. Nanga ife amene Chingerezi tinachiphunzira m'kalasi? Ulemba liwu lomwe aphunzitsi anakuphunzitsa, mawa anthu akuvuvumalira pa Facebook. Mapeto ake ena amangokhala chete kuopa kulakwitsa, ndipo zokambirana zimafera pomwepo.

Ndiye titani? Ine ndikuti dzina ndi la mwini wake. Ngati simukudziwa, mufunseni kuti amafuna kutchedwa chiyani. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mnzanu akaphonya liwu mosadziwa, mukonzereni pambali mwaulemu, osati kumuyalutsa pagulu la WhatsApp. Koma amene akunyoza dala, ameneyo tisamusekerere.

Chomaliza, mawu aziyenda ndi zochita. Tikhoza kulemba "persons with disabilities" bwinobwino pa posita, koma tidzifunse: mnzathu wa pa njinga ya olumala angalowe malo amene timakumanirana? Wosamva angatsatire zomwe ndikuyankhulazi? Ngati yankho lili ayi, tiyambire pamenepo pa msonkhano ukubwerawu.