Dothi la Mtapo ndi Mbale Yoyera
(Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Kalikiliki, Lusaka)

Aphunzitsi anzanga, ndaika zinthu ziŵiri pa thebulo ili: mtsuko wakuda wa kumudzi, ndi kapu yoyera yomwera tiyi, imene Azungu aicha porcelain. Ana athu asirira kapu, nanyoza mtsuko. Koma zonsezi ndi dothi, ndipo zinabadwa m'manja a woumba.

Kapuyi iumbidwa ndi dothi loyera lochedwa kaolin, dzina locokera ku phiri la Gaoling, pafupi ndi mzinda wa Jingdezhen ku China. Aisakaniza ndi mwala wopera, naiocha m'ng'anjo ya moto woposa madigiri 1,200, kufikira dothi lisanduka ngati galasi. Cifukwa cace siimwa madzi, ndipo ilira mukaigogoda. Anthu a ku China anadziŵa luso ili zaka mazana ambiri Azungu asanalipeze. Pakuti nyumba yoyamba ya ku Ulaya youmbamo mbale zotere inatsegulidwa ku Meissen, Germany, m'caka ca 1710.

Mtsuko wathu aocha pabwalo ndi nkhuni ndi udzu, moto wosafika pamenepo. Tsono utuluka thukuta, ndipo thukuta lomwelo ndilo liziziritsa madzi m'mwezi wa October. Kapu yoyera singathe nchito imeneyi. Ndiponso luso ili si ladzulo ai: pa Kapwirimbwe, muno m'Lusaka, David Phillipson anafukula mapale okhala ndi zolemba zokongola, amene anaumbidwa zaka zoposa 1,000 zapitazo.

Cimene cindidetsa nkhawa ndi ici: kuno ku Kalikiliki ndi ku Mtendere madzi atungidwa m'zigubu za pulasitiki, ndipo kumidzi kumene muphunzitsa, amai odziŵa kuumba alikukalamba. Akapita iwo, luso lipita nao kumanda.

Cifukwa cace ndikupemphani, mukabwerera, mufunefune agogo oumba mbiya, muwaitane kusukulu mwaulemu, inu nimukhale pansi pamodzi ndi ana. Aone kusankha mtapo, kusinjiramo mapale, kusalaza ndi cikonyo, kukulungiza ndi mwala, ndi kuumitsa pamthunzi kuti mbiya isang'ambike. Mphika woyamba udzasweka pamoto. Musamkalipire mwana, koma mufunse naye cimene cauphwanya. Mwana wotere akadzagwira kapu yoyera, adzaiyang'ana monga woumba mnzace.