Kasankhidwe ka suti yobirira m'nyengo ya mwera



Lero sitikamba za maso a ukonde kapena za nyengo yotseka nyanja. Tikamba za anyamata athu amene amalowa pansi pa madzi: ogwira mbuna zokagulitsa kunja, operekeza alendo ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, komanso abilamani a nkacha ku Malombe. Ena amabereka botolo la mpweya, ena amangodalira mpweya wa m'chifuwa mwawo, koma mwera ukayamba onsewa amavutika ndi chinthu chimodzi, kuzizira.

Wina anena kuti nyanja yathu ndi yofunda. Ndi zoona, m'nyengo yotentha madzi a pamwamba amafika madigiri 28. Koma kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umakankhira madzi ofundawo kumpoto, ndipo kum'mwera kwa nyanja madzi a pansi amakwera, kutentha n'kutsika kufika 23 kapena kucheperapo. Thupi la munthu limafuna 37, ndipo madzi amayamwa kutentha kwa thupi mwamsanga kuposa mpweya. Mnyamata akabira kangapo m'mawa umodzi amayamba kunjenjemera, zala zimauma, mfundo imamukanika kumanga, nzeru zimachedwa, ndipo ngati ali ndi botolo mpweya umatha msanga. Pamenepo ngozi yayandikira.

Suti imeneyi, imene m'masitolo amaitcha wetsuit, imapangidwa ndi mphira wotchedwa neoprene, womwe uli ndi timatumba tampweya tambirimbiri. Timatumbato ndi timene timatchinga kuzizira. Madzi pang'ono amalowa ndithu, thupi limawafunditsa, ndipo amakhala momwemo ngati suti yagwira thupi bwino. Ikakhala yokhwepa, madzi ozizira amalowa pakhosi n'kutulukira kumiyendo, ndiye kuti ndalama zapita pachabe. N'chifukwa chake tikunena kuti kukwana kwa suti n'kofunika kuposa kuchindikala kwake. Musagulire munthu ali kumudzi. Aivale yekha, akweze manja, anjute, apume mozama. Isatsale matumba m'khwapa ndi kumsana, komanso isamufinye pakhosi kapena pachifuwa.

Kuchindikala kumalembedwa m'mamilimita. Mukaona 5/3, ndiye kuti pachifuwa ndi pamsana pali 5, m'manja ndi m'miyendo 3. Kwa bilamani wa ku Malombe, komwe ndi kosaya, ya 3 ndi yokwanira. Kwa wobira ndi botolo tikulangiza ya 5 yofika m'manja ndi m'miyendo momwe, chifukwa pa mamita 10 kupanikiza kwa madzi ndi mpweya kumawirikiza kawiri poyerekeza ndi pamwamba, pa mamita 20 katatu. Timatumba tija timafinyika, suti imapyapyala, ndipo imafunditsa pang'ono pamene munthu akuifunitsitsa. Amene amazizidwabe awonjezere chipewa cha neoprene.

Tsono pali msampha wa pa kaunjika. Kumapezeka masuti a 7, ndipo munthu amaganiza kuti wapata yabwino koposa. Amenewo anapangira madzi ngati a ku Cape Town, omwe nthawi zambiri safika ndi 15 pomwe. Kuno amatenthetsa munthu m'boti, amalemetsa manja, ndiponso amayandamitsa kwambiri moti pamafunika mtovu wochuluka kuti umire. Mtovuwo ukhale pa lamba womasuka ndi dzanja limodzi. Zomanga miyala m'chiuno ndi chingwe cha nayiloni tisazione pa doko lililonse. Kumbukiraninso kuti madzi athu alibe mchere, choncho safuna mtovu wofanana ndi wa kunyanja yamchere.

Sitikuletsa kugula yakale, mitengo tikuidziwa. Koma yang'anani misoko ya m'khwapa ndi pakati pa miyendo, yesani zipi kangapo, ndipo tsinani mphirawo. Ukabwerera msanga ndi wamoyo. Ukakhala wouma, wong'aluka kapena wophwatalala m'mawondo, isiyeni ngakhale wogulitsa atsitse mtengo. Mukagula, muziitsuka ndi kuyanika pamthunzi, osati pamwala padzuwa, ndipo isakhale pafupi ndi petulo wa injini.

Suti siteteza likodzo, ndipo silowa m'malo mwa jekete yopulumutsira moyo. Wobira azikayezetsa kuchipatala monga wina aliyense wa pa doko.

Ntchito ya makomiti ndi iyi. Chiyambire 1993 ku Malombe, ndiponso pansi pa lamulo la za usodzi la 1997, takhala tikusamalira nsomba limodzi, ndipo anthu ogwira nsombazo ndi athunso. Tikupempha komiti iliyonse ilembe mayina a obira onse a pa doko lake, ndi kukambirana ndi eni zida za amene azigula suti, popeza si bwino kusiyira mnyamata yekha mtolo umenewu pamene phindu lalikulu limapita kwa mwini ukonde. Mugwirizanenso kuti wobira akayamba kunjenjemera atuluke, avule suti, avale zouma, amwe tiyi wotentha, osati kachasu, ndipo tsiku limenelo asabwererenso m'madzi. A mlembi abweretse mayinawo pa msonkhano wotsatira mwera usanayambe.