MUNTHU MMODZI, DZINA LIMODZI, NAMBALA IMODZI

Mau amene anakambidwa pa wailesi kwa alimi ndi mafumu a midzi

Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za kaundula, ndi chifukwa chake dzina la munthu liyenera kulembedwa chimodzimodzi m'mabuku onse a Boma.

Kale ofesi iri yonse inali ndi buku lake. A zaulimi anali ndi maina a olandira makuponi a feteleza, amene anayamba m'chaka cha 2005. A Mtukula Pakhomo, ntchito imene inayambira kuno ku Mchinji m'chaka cha 2006, anali ndi buku lao. Kuchipatala kunalinso lina. Mabuku amenewa sanali kugwirizana. Munthu mmodzi analembedwa Yohane uku, John uko, ndipo kwina ndi dzina lake la paubwana. Tsono m'mudzi umodzi mukhoza kukhala a Phiri asanu a dzina limodzi, osawerengera abale ao a kutsidya kwa malire ku Chipata. Zotsatira zake munaziona nokha. Wina analandira kawiri, wina anabwerera chimanjamanja, ndipo wina amene tinamuika kale m'manda anali kuonekabe m'buku.

Pofuna kuthetsa bvuto limeneli, m'chaka cha 2017 a National Registration Bureau analemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 ndi kupitirira. Ali yense anajambulidwa nkhope, anadinda zala, ndipo analandira chiphaso chokhala ndi nambala yakeyake. Zonsezi zinasungidwa m'makina a kompyuta. Tinene kuti ndi nkhokwe ya maina. Amisiri omanga nkhokwe yotere amatsata malamulo atatu.

Loyamba ndi lakuti munthu adziwike ndi nambala. Maina amafanana, ndipo mkazi akakwatiwa nthawi zina dzina limasintha, koma nambala imene wina analandira sipatsidwa kwa mnzake.

Lachiwiri ndi lakuti chinthu chilembedwe kamodzi, pamalo amodzi. Ofesi ina ikafuna kudziwa za munthuyo ifunse kunkhokweko, isayambe kulemba zakezake. Potero cholakwa chikakonzedwa kamodzi, chakonzeka ponse. Ndi chifukwa chakenso amalemba tsiku lobadwa m'malo mwa zaka za munthu, pakuti zaka zimaonjezeka chaka ndi chaka koma tsiku lobadwa silisuntha.

Lachitatu ndi lakuti onse alembe ndi muyeso umodzi. Inu alimi mumadziwa kuti ndowa ya wogula ndi ndowa yanu sizifanana, koma kilogalamu ya pa sikelo yoona ndi imodzi kuli konse. Nawonso opanga mapulogalamu a kompyuta ayenera kupangana poyamba, kuti dzina la munthu lilembedwa apa, mfunda apa, mudzi apa, mfumu yaikulu apa, ndiponso kuti polemba tsiku chiyambe ndi chiani. Akapanda kupangana, makina a ofesi ina sangathe kuwerenga zimene ofesi ina yatumiza.

M'chaka cha 2020 alimi anagula feteleza wotsika mtengo poonetsa chiphaso cha unzika m'malo mwa kuponi. Pamenepo ambiri anazindikira kuti nambala ikalembedwa molakwa, ngakhale ndi chilembo chimodzi, makina amamukana munthu amene mudzi wonse ukumdziwa. Makina alibe maso oona kuti uyu ndi mlimi weniweni. Amangobweza zimene anapatsidwa. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo poyambira pa zonsezi ndi kaundula wa m'mudzi amene ali m'manja mwanu, inu mafumu.

Chotero ndikupemphani zinthu izi.

Polemba munthu m'kaundula, tengani chiphaso chake ndipo kopani dzina ndi nambala monga momwe ziriri. Musalembe za pamtima, ndipo mukatha muwerengereni mwini wake kuti abvomere.

Mwana akabadwa, onetsetsani kuti walembedwa. Kuyambira m'chaka cha 2015 lamulo limafuna kuti mwana ali yense alembetsedwe.

Munthu akamwalira kapena akasamuka, lembani tsiku lake ndi kudziwitsa akuluakulu a kuboma. Dzina la womwalira likatsala m'buku limatsekereza wamoyo.

Ndipo inu alimi, chiphaso chanu musapatse wogula mbeu kapena munthu wina ali yense kuti akusungireni, ngakhale atakulonjezani ndalama. Wogwira chiphaso chanu akhoza kutenga gawo lanu m'dzina lanu. Chikatayika, kanenani kupolisi ndi ku ofesi ya Bwanamkubwa msanga, osadikira kuti mvula iyambe.

Mafumu, sabata ino tsegulani kaundula wanu pabwalo, muitane anthu anu ndi ziphaso zao, ndipo mufanizire dzina ndi dzina.