Lamya Yalowa M'nyumba, Chinsinsi Chisatuluke



Kale lamya m'dera lino inali ya maofesi, ya Mishoni ndiponso ya sukulu za ku Domasi. Mlimi wofuna kulankhula ndi mwana wake ku Blantyre ankayenda mtunda kukapempha. Ochepa amene anali nayo pakhomo ankadikira bilu ya pamwezi mtima uli m'mwamba.

Zinthu zinasintha pamene TNM inayamba ntchito mu 1995, Celtel nitsatira mu 1999. Lero munthu amagula mayunitsi molingana ndi thumba lake, ndipo ngongole ya lamya sigona pakhomo.

Koma mu 2018 eni manambala analamulidwa kuwalembetsa ndi chitupa, kotero nambala tsopano imayenda ndi dzina. Akathyali nawonso aphunzira kugwiritsa ntchito maina. Amaimbira gogo wa kumudzi, namtchula dzina lake lenileni, nati wasankhidwa kulandira Mtukula Pakhomo, koma ayambe watumiza kangachepe. Gogoyo amakhulupirira chifukwa cha dzinalo. Nanga mlendo alidziwa bwanji? Mndandanda umodzi woiwalika patebulo, kapena wojambulidwa ndi foni, ngwokwanira.

Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, limene MACRA imayang'anira, silikunena makampani okha ai. Mlembi wa nthambi, mlangizi wa zaulimi ndi kalaliki wa Mfumu onse amasunga maina ndi manambala a anthu. Mapepalawo akhale m'kabati yokhoma. Wopempha nambala ya mnzake, ngakhale akhale bwana, auzidwe mwaulemu kuti akafunse mwini wake.